Phunziro: Kutsatsa Malonda

Pa Facebook timalemba ndi kuwerenga osailipira kampaniyo. Nanga ndalama imazipeza kuti? Kwa otsatsa malonda. Mu 2023, pa ndalama 100 zilizonse zimene eni ake a Facebook analandira, pafupifupi 98 zinachokera kwa otsatsa.

Wogulitsa mbewu akalipira kuti katundu wake aoneke, ndalamazo amaziika pa mtengo wa thumba. Ndiye kuti olipira ndife ogula.

Kutsatsa kuli ndi ubwino wake. Kumatidziwitsa mbewu zatsopano ndi mitengo yake. Koma wotsatsa satchula kuipa kwa katundu wake.

Choncho anzathu, tikamva za mbewu yachilendo, tifunse alangizi. Tiyambe taiyesa pa mizere yochepa m'munda wa koperativa. Pokolola, tiyerekeze ndi mbewu yathu yakale.

Funso: Kodi amene amalipira kutsatsa ndani?