Mphepo yafika: chisote cha wulu wodaya mweka chimalukidwa so

June akalowa mu Lusaka, fashion imasiya kukhala nkhani ya maonekedwe chabe. Town yathu ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300, ndiye kuseni kwa June ndi July kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Imwe amene mumaimirira pa station 05:30 kuyembekeza minibus ya ku Kulima Tower mukudziwa kuti mphepo imayambira ku makutu. Ba conductor akokera chisote mpaka pa nsidze, ba guard ochoka ku night shift amanga thaulo kumutu, mnyamata wa mu booth ya mobile money akuwerenga ndalama ndi zala zouma.

Ndiye pali ba sisi aja okhala ku mpando wa kumbuyo, singano ziwiri zikuluzikulu m'manja, wulu wonenepa ngati chala uli m'chikwama. Kuchoka ku Chelstone kufika mu town, chisote chakula ndi masentimita angapo. Mtundu wake simungaupeze pa tebulo ya mu City Market, kaili anadaya okha mu poto. Anthu amaganiza kuti ndi ntchito yovuta maningi, koma chovuta chenicheni chili pa chinthu chimodzi: kudziwa wulu amene muli naye.

Wulu si onse amene amamwa utoto

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Chimene timachitcha wulu mu market nthawi zambiri ndi acrylic, ulusi wopangidwa ku fakitale, wachibale wa pulasitiki. Umalukika bwino ndipo ndi wotchipa, koma mukauika mu utoto wa panyumba umatuluka mwamene unalowera. Utoto wonse umapita ndi madzi otsukira. Wulu weniweni ndi ubweya wa nkhosa, ndipo umagwira mtundu ngati mwamene tsitsi la munthu limagwirira dai ku salon.

Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Dulani kaulusi kafupi, mukayatse ndi machisa panja. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa, moto umazima wokha, ndipo kamatsala kaphulusa kakuda kophwanyika ndi zala. Acrylic amasungunuka, amanunkha ngati pulasitiki, ndipo amasiya kampira kolimba. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa.

Manje wulu weniweni muupeza kuti? Ba mayo ena a mu komboni anaizindikira kudala: mu salaula. Pa milu ya majuzi ku Soweto, tembenuzani juzi muwerenge kansalu ka pa khosi kapena ka m'mbali. Ngati palembedwa 100% wool, mwapeza. Sankhani yoyera, ya cream kapena ya grey wopepuka, chifukwa utoto umangowonjezera kuda, sungayeretse chinthu. Onaninso msoko wa mkati. Ngati m'mphepete munadulidwa ndi kusokedwa ndi overlock, isiyeni, chifukwa mukamasula mupeza tizidutswa tafupitafupi. Mufuna juzi imene zigawo zake zinalukidwa pazokha ndi kulumikizidwa ndi ulusi umodzi. Imeneyo mukapeza poyambira, imamasuka yokha ngati thumba la unga.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Uzungulizeni kumsana kwa mpando kuti ukhale nkhata yaitali, mumange mosathina pa malo anayi ndi kaulusi kena kuti usasokonekere mu poto. Ngati ndi wopyapyala, musadandaule: polukapo mugwira ulusi uwiri kapena utatu pamodzi, ndipo wanenepa.

Kudaya pa mbaula

Malaiti olo apite, mbaula imakwanira, malinga moto ukhale wofatsa. Pa chisote chimodzi cha munthu wamkulu mufuna magalamu 100 a wulu. Unyikeni mu madzi ofunda muli masipuni akulu 4 a vinega woyera kwa mphindi 30. Vinega ndiye amathandiza utoto kugwira pa ubweya, ndipo kutentha kumamaliza ntchito. Utoto wosavuta kupeza ndi food colour ija ya mu timabotolo imene amaika mu makeke.

Ikani wulu mu poto ndi madzi ake omwewo. Mukafuna mtundu umodzi, sungunulani utoto mu madzi musanaike wulu. Mukafuna mawangamawanga aja amene amapangitsa anthu kufunsa kuti mwagula kuti, chepetsani madzi kuti angophimba wulu, mudonthezere blue mbali iyi, yellow mbali inayo. Pamene akumana patuluka green. Musaike mitundu yambirimbiri nthawi imodzi, mudzatulutsa mtundu wa matope a mu Kanyama nthawi ya mvula.

Madzi atenthe mpaka kutulutsa nthunzi, koma asabwate. Ndipo musavundule ngati nsima. Ubweya ukakumana ndi kutentha ndi kutikitidwa nthawi imodzi umagwirana, umakhala chigamba cholimba chimene simungachimasule futi. Dikirani chabe. Mudzaona chodabwitsa: madzi ayamba kuyera, kaili utoto wonse walowa mu ulusi. Apo chotsani poto pa moto, muisiye izizire yokha. Mukathamangira kuthira madzi ozizira pa wulu wotentha, ugwirananso chimodzimodzi. Ukazizira tsukani mofatsa, finyani mu thaulo, yanikani pa mthunzi.

Amene alibe ya food colour, kitchen ili ndi zake. Makoko ouma a anyezi, amene ba mayo a pa tebulo ya tomato amataya, amapereka yellow wopita ku golide. Masamba a tiyi amapereka brown. Nthanga ndi makoko a kotapela amapereka pink wofatsa, chinthu chimene ambiri sakhulupirira mpaka ataona. Izi mumayamba mwaziphika mu madzi, musefe, madziwo azizireko, ndiye muikemo wulu ndi kutenthetsa pang'onopang'ono. Mitundu yake siwala ngati ya mu botolo. Mukagula dai weniweni wa zovala, poto imeneyo isabwererenso ku ndiwo.

Lamulo limodzi: dayani wulu yense wa chisote nthawi imodzi. Olo muyeze bwanji, poto ya mailo ndi ya lero sizifanana.

Kuluka kwake

Ubwino wa wulu wonenepa ndi wakuti masitichi ndi ochepa ndipo mukalakwitsa mumaona msanga. Pezani singano za mamilimita 8. Mutu wa munthu wamkulu umakhala pakati pa masentimita 54 ndi 58, koma chisote chichepeko ndi masentimita 5 kuti chigwire, apo ayi chidzauluka ndi mphepo ya pa window ya minibus.

Musanayambe, lukani kachigamba koyesera, muyeze ndi tepi ya telala. Tinene kuti mwapeza masitichi 11 pa masentimita 10. Pa masentimita 50 mufuna 55, ndiye ikani 56, chifukwa imagawika ndi 4 komanso ndi 8. Manja a anthu amasiyana, wina amathina wina amalekerera, ndiye nambala ya mnzanu musaikope osayeza.

Yambani ndi lastiki ya m'munsi: plain awiri, purl awiri, mpaka mzere uthe, ndipo mizere yonse chimodzimodzi mpaka masentimita 5. Mukafuna chopinda m'mphepete ngati cha ba conductor, fikitsani 10, koma 5 owonjezerawo musawawerengere pa kutalika kwa chisote. Kuchoka apo, mzere umodzi plain, wobwerera purl, mpaka chisote chonse chifike masentimita 15.

Manje kutseka pamwamba. Pa mzere wa plain, lukani masitichi 5, awiri otsatira muwaluke pamodzi ngati amodzi, mubwereze mpaka kumapeto. Atsala 48. Bwererani ndi purl osachotsa kanthu. Mzere wotsatira lukani 4 ndi awiri pamodzi, atsala 40. Pitirizani so: 32, 24, 16, mpaka 8. Dulani ulusi mosiya mchira wautali ngati mkono, muupitirize mu masitichi 8 aja ndi singano yosokera, mukoke kuti kabowo katseke. Ndi mchira womwewo sokani msoko wa kumbuyo. Wozolowera amamaliza madzulo amodzi. Woyamba kumene apatseni masiku atatu a mu traffic ya Great East Road.

Ngati mufuna kugulitsa

Msika wa chisote ndi waufupi. August akafika ndi fumbi lake anthu ayamba kuvula, ndipo mu October palibe amene angachiyang'ane. Amene amapangapo ndalama amayamba kudaya mu April ndi May. Powerenga mtengo ikanimo juzi, utoto, vinega, malasha, transport ya ku Soweto ndi maola anu. Ambiri amaiwala maola, ndiye pakutha kwa season apeza kuti anali kulukira anthu mahala. Simungapikisane pa mtengo ndi chisote cha acrylic cha mu bale. Chanu chimagulidwa chifukwa ndi ubweya weniweni, umafunda olo utanyowa pang'ono ndi mame, ndipo palibe wina mu bus amene wavala chofanana nacho. Cha mwana wakhanda samalani: ubweya wina umayabwa, ndiye uyeseni kaye pa khosi panu.

Ndipo wogula mumuuze zochapa asanapite. Madzi ozizira, sopo pang'ono, osatikita, osapotokola, kuyanika chogoneka pa thaulo. Akachiponya mu beseni ya madzi otentha pamodzi ndi ma jeans, chisote cha bambo chidzabwera saizi ya mwana wa grade 1, ndipo adzabwera kwa imwe kudzafuna ndalama zake.