Osangodandaula pa WhatsApp, nkhaniyo ilembeni ikhale

Mlamu wanga amapha usipa cha ku Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota. Chaka chatha adagula sola yangongole, ija mumalipira pang'onopang'ono pafoni n'kumalandira manambala otsegulira. Adalipira mpaka kumaliza. Patangotha milungu itatu, kabokosi kaja kadadzitsekanso, nyumba yonse bii, ana n'kubwerera ku tochi.

Ataimbira eni ake adamuuza kuti padakali ndalama yotsala. Umboni? Mauthenga olipirira adali atawafufuta poti foni yake imadzaza msanga, pepala la mgwirizano lidasowa kalekale. "Alamu, ndingolipiranso basi, ndilimbana ndi ndani?" adatero. Adalipiradi.

Usiku womwewo adadandaula pagulu la WhatsApp la anyamata a padoko, ndipo awiri adayankha kuti nawonso zidawachitikira. Pofika m'mawa nkhani ija idali itakwiririka ndi za mpira ndi uthenga wa maliro. Wogula wa mawa sadzaiona.

Apa ndiye pamene pali ntchito ya wiki. Wiki ndi tsamba la paintaneti lomwe aliyense atha kulembapo, wina n'kubwera kudzakonza kapena kuwonjezera, monga zimakhalira pa Wikipedia. Mu 2025, Louis Rossmann, mkulu wa ku America wodziwika pa YouTube ndi ntchito yokonza makompyuta, adayambitsa Consumer Rights Wiki. Cholinga chake n'kusunga pamalo amodzi mbiri ya makampani amene amakugulitsa chinthu koma chingwe n'kukhalabe m'manja mwawo: kusintha mgwirizano utagula kale, kuchitsekera patali, kapena kuletsa kuti ukachikonzetse kwina. Zimamveka ngati za kunja, koma sola ya mlamu wanga ndi mafoni angongole amene amadzitseka okha ukachedwa kulipira zili m'gulu lomwelo.

Ndiye munthu ungayambe bwanji nkhani yatsopano pamalo otere?

Yambani mwafufuza ngati wina sadailembe kale. Ngati ilipo, onjezerani pomwepo. Nkhani imodzi yodzaza imaposa tizidutswa khumi tomwazikana.

Kenako dzifunseni ngati ili ndi vuto la inu nokha kapena ndi khalidwe la kampani. Wiki si bwalo la kwa amfumu lokambira mkangano wa inu ndi ejenti wa pa Dwangwa. Anthu atatu a pagulu limodzi ndi poyambira chabe. Funsani ena ku Linga, ku Benga, ku Mwansambo, mumve ngati zikufanana.

Pamutu wa nkhani ikani dzina la katunduyo ndi zomwe zidachitika, basi. Mawu ngati "mbava" kapena "akathyali" asungeni mumtima. Pansi pake fotokozani mwandondomeko: katunduyo ndi chiyani, pogulitsa adalonjeza zotani, chidachitika n'chiyani ndipo liti, kampaniyo idayankha kuti chiyani. Mbali yawo muilembenso ngakhale ikukuwawani, chifukwa wowerenga akaona kuti mwabisa kanthu, amakayikira zonse.

Pamene ambiri timagwera ndi pa umboni. Chiganizo chilichonse chizikhala ndi pomwe chatsamira: chithunzi cha lisiti, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, pepala la mgwirizano, malonda omwe kampaniyo idaika pa Facebook, nkhani ya m'nyuzipepala kapena chigamulo cha bungwe la boma. "Ndidamva kwa anzanga" si umboni. Chizolowezi chabwino n'chakuti tsiku lomwe mwagula chinthu, jambulani mapepala onse n'kudzitumizira pa imelo. Foni ikagwera m'nyanja, umboni utsale.

Musanaike chithunzi, phimbani nambala ya foni, ya chiphaso cha unzika ndi mayina a anthu wamba. Mtsikana wogulitsa mushopu ndi wolembedwa ntchito chabe, si iye adakonza malamulo a kampani. Kumbukiraninso kuti chiyambire 2016 tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu akhala akumangidwa chifukwa cha zolemba za paintaneti. Chishango chanu ndi kulemba zoona zokhazokha, zomwe mutha kuonetsa.

Consumer Rights Wiki imalembedwa m'Chingerezi, koma chimenecho chisakuopseni. Khalani pansi awiri kapena atatu, ikonzeni nkhaniyo m'Chichewa, mmodzi aimasulire. Ilembeni kaye mufoni intaneti itazima kuti bandulo isathere pa kuganiza. Mukaitumiza, ena adzaikonza, mwina kuchotsa ndime yomwe mumaikonda kwambiri. Musapse mtima, wiki imayenda choncho. Mutu umodzi susenza denga.

Koma tisanamizane, wiki sibweza ndalama. Amene ali ndi mphamvu zofufuza ndi kulanga wamalonda wachinyengo ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC), lomwe likugwira ntchito ndi lamulo latsopano la 2024 lolowa m'malo mwa la 1998. Bungweli lakhala likuchenjeza kuti kachikwangwani kaja koti "katundu wogulidwa sabwezedwa" sikapulumutsa wamalonda amene wakugulitsani chinthu chowonongeka. Za sikelo yobera ndi katundu wosafika pamlingo n'za Malawi Bureau of Standards, za netiweki ndi bandulo n'za Macra. Palinso Consumers Association of Malawi (Cama), yomwe a John Kapito akhala akuitsogolera kwa zaka zambiri. Kokoma kwake n'kwakuti ntchito ndi imodzi: masiku, malisiti ndi mauthenga omwe mwasonkhanitsira wiki ndi omwenso akakufunseni mukakadandaula kumabungwewa.

Pa 15 March chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ufulu wa ogula, akuluakulu amalankhula, tsiku n'kudutsa. Chomwe chimatsala ndi cholembedwa. Mnyamata wa ku Dwambazi akafuna kutenga foni yangongole chaka chamawa, adzalemba dzina lake pa Google. Adzapezapo malonda okhaokha, kapena adzapezanso zomwe zidakuchitikirani inu?

Mlamu wanga ndalama yake idapita. Koma anzake awiri aja mauthenga awo adakali nawo, ndipo Loweruka likubwerali, akatsika m'bwato, tagwirizana zokumana kuti tiyambe kulemba masiku ndi ndalama papepala limodzi.