Mlonda wa webusaiti akavuta, tikadandaule kwa yani?

Masiku ano wamalonda aliyense wa m'tauni akufuna webusaiti. Wogulitsa masipeyala a galimoto ku Limbe ali nayo, mwini malo ogona alendo ku Mangochi ali nayo, ngakhale sukulu zapulaiveti za ku Area 25 nazo sizikufuna kutsalira. Amene akumanga mawebusaitiwa nthawi zambiri ndi ana athu omwe, ophunzira a m'makoleji amene akusaka ya sopo ndi ya bando. Zimenezo n'zabwino, ine ndilibe nazo mawu. Chimene ndati ndikambepo lero ndi mlonda amene amasiyidwa pakhomo pa webusaitiyo ntchito yomanga ikatha. Kodi mlonda ameneyu akagona, akadwala, kapena akayamba kupirikitsa makasitomala, inu bwana mukadandaula kwa yani? Funso limeneli salifunsa pa tsiku lolipirana, poti aliyense amakhala akumwetulira.

Ndiyambe ndi kumasulira, poti si tonse tidapita ku sukulu ya makompyuta. Mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amamangidwa ndi pulogalamu yotchedwa WordPress, yomwe Matt Mullenweg wa ku America ndi Mike Little wa ku Britain adayambitsa m'chaka cha 2003. WordPress ili ngati nyumba yongomangidwa kumene. Makoma ndi denga zilipo, koma zitsulo za m'mawindo, mpanda ndi mlonda mumaonjezera nokha. Zoonjezerazo ndi timapulogalamu tina totchedwa ma plugin, ndipo taulere tokha tilipo toposa 50,000. Mwa timeneti muli toletsa mbava za pa intaneti kuthyola, ndi tina tosefa mauthenga achabechabe amene Azungu amati spam.

Dzina loti spam lidachokera ku nyama ya m'chitini imene kampani ya Hormel idayamba kugulitsa mu 1937, ndipo lidatchuka ndi tanthauzo latsopanoli chifukwa cha sewero la nthabwala la gulu la Monty Python la mu 1970, momwe dzina la nyamayo lidabwerezedwa mpaka kutopetsa. Mchitidwewo ndi wakale kuposa ambiri a inu ophunzira. Mu 1978 bambo wina wotsatsa makompyuta a kampani ya Digital Equipment Corporation, Gary Thuerk, adatumiza uthenga umodzi kwa anthu pafupifupi 400 amene sadaupemphe. Lero otumizawo si anthunso ayi, ndi makina. Amayendayenda usiku ndi usana kusaka fomu iliyonse yotseguka, n'kuthiramo zotsatsa juga, mankhwala abodza ndi ngongole za katapila. Makina ena amangoima pa chitseko cha webusaiti n'kumayesa mapasiwedi, zikwi ndi zikwi, kufikira imodzi itatsegula. Sasankha kuti uyu ndi wolemera, uyu ndi wa kaunjika. Amangogogoda paliponse.

Alonda odziwika alipo angapo. Akismet idabwera mu 2005 kuchokera ku kampani ya Automattic ya Mullenweg yemweyo, ndipo imabwera kale m'kati mwa WordPress. Ntchito yake n'kutumiza uthenga uliwonse ku makompyuta a kampaniyo, omwe amayankha kuti uwu ndi weniweni kapena ndi zinyalala. Wordfence idayamba mu 2012 ndipo imaima pakhomo ngati wa chibonga, kubweza aliyense wooneka wokayikitsa. Palinso CleanTalk, Sucuri, ndi kaja kamakuuzani kuti musankhe zithunzi za njinga kapena maloboti a pamsewu kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Kameneko ndi reCAPTCHA, yomwe Luis von Ahn wa ku Guatemala ndi anzake adapanga mu 2007, kenako Google n'kuigula mu 2009.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mlonda aliyense amalakwitsa. Sefa wa spam amatha kutaya kudzala uthenga wa munthu weniweni. Mayi wina amene ndimamudziwa, wosoka mayunifolomu ku Blantyre, adakhala milungu ingapo akudabwa kuti bwanji fomu ya maoda yangoti zii pamene sukulu zili pafupi kutsegulira. Atafufuza adapeza maoda onse ali mbwee m'bokosi la spam, eni ake adapita kale kwa telala wina. Mnyamata amene adamumangira webusaitiyo anali atapita ku Joni, nambala yake yosapezeka. Mayiyo sankadziwa n'komwe dzina la plugin imene inkamudyera malondawo.

Zotere zimachitika bwanji? China mwa zifukwa n'chakuti ife ambiri timalowa pa intaneti ndi foni, ndipo makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri nambala imodzi ya pa intaneti, ija amati IP address. Foni imodzi mwa amenewo ikagwidwa ndi kachilombo n'kuyamba kumwaza spam, nambalayo imalembedwa m'kaundula wa oipa, basi nonse ogwiritsa ntchito nambalayo mwasanduka okayikitsa. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, eti? Mwini webusaiti nayenso sapulumuka. Mukalakwitsa pasiwedi kangapo, mlonda wanu yemwe amakutsekerani panja pa shopu yanu, inu makiyi ali m'manja.

Mukafika pamenepa mumafuna munthu woti akuyankheni, ndipo m'pamene mumazindikira kuti chaulere chili ndi malire. Opanga ma plugin ambiri amagawa chithandizo pawiri. Wolipira amalemba dandaulo lake, n'kupatsidwa nambala, wantchito wa kampani n'kumuyankha. Wosalipira amadikira chifundo cha amene angapeze mpata. Kusiyanaku sikuthera pa kuyankha kokha ayi. Wordfence imanena poyera kuti malamulo atsopano otchingira mbava amafika kwa olipira nthawi yomweyo, pamene a ulere amawalandira patapita masiku 30. Mwezi wathunthu, abale! Akismet nayo ndi yaulere kwa munthu wongolemba zake, koma webusaiti ya bizinesi imayenera kulipira. Ine sindikuwadzudzula. Nawonso ali ndi antchito ofuna malipiro, ndipo munthu sangayembekezere mlonda wa ganyu yaulere kuti adzuke pakati pa usiku chifukwa cha katundu wa eni.

Vuto lathu kuno n'lakuti malipirowo ndi a madola, chaka ndi chaka, kudzera pa khadi la kubanki. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene kwa Mzungu ndi wa chakudya chamasana kwa ife ndi lendi ya shopu. Onjezerani apo kusowa kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa. Kenako pali chizungu. Yankho limabwera lodzaza ndi mawu aukatswiri, mwina litafika inu muli mtulo poti kukamacha kuno ku California kumakhala kuli usiku, ndipo wamalonda wa mumsika amangoliyang'ana ngati kalata ya kukhoti.

Apa m'pamene ana athu ena amadulira njira yachidule. Amakatola ma plugin olipira amene ena adawathyola n'kumagawa mwaulere, aja amati nulled. Kwa kasitomala amati, "Bwana, ndakuikirani ya premium, musadandaule." Anyamata inu, ndikupempheni, lekani zimenezi. Munthu amene wataya nthawi yake kuthyola pulogalamu ya eni n'kuigawa ulere si m'busa wa mpingo. Kawirikawiri amabisamo kachitseko kake kolowera. Ndiponso plugin yotereyi silandira zokonza zatsopano, ndipo ikavuta simungapite kwa eni ake kukadandaula, monga momwe simungapitire kupolisi kukanena kuti njinga yakuba imene mudagula yaphwa tayala.

Komatu musaganize kuti wotenga plugin m'njira yoyenera ndiye wagona tulo tabwino. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo nthawi zina wakubayo amakhala mlonda yemweyo. Mu December 2017 akatswiri a Wordfence adaulula kuti plugin ina yotchedwa Captcha, yomwe ntchito yake inali kuletsa spam pa mawebusaiti pafupifupi 300,000, inali ndi kachitseko kobisika kolowetsa munthu ngati mwini wake. Chidachitika n'chakuti amene adaipanga poyamba adaigulitsa, wogulayo ndiye adaikamo zachinyengozo. Chaka chomwecho zofanana ndi zimenezi zidachitikira plugin ya Display Widgets, yomwe inali pa mawebusaiti 200,000. Itagulitsidwa idayamba kumata zotsatsa za spam mwakabisira. Eni mawebusaiti sadauzidwe kuti mlonda wasintha. Yunifolomu inali yomweyo, munthu m'katimo ndi wina.

Pena sichikhala chinyengo, kumangokhala kuphonya kwa opanga. Mu November 2024 kudapezeka bowo mu plugin ya Really Simple Security, yomwe inali pa mawebusaiti oposa 4 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti bowolo linali mu gawo lomwe lija lofunsa nambala yachiwiri yachinsinsi polowa, moti amene adatchera chitetezo choonjezerachi ndiwo adali pangozi. Opanga ake adakonza msanga, ndipo a WordPress adakankhira zokonzazo ku mawebusaiti mosadikira eni ake. Mwezi womwewo kudalengezedwanso mabowo awiri mu plugin yoletsa spam ya CleanTalk, ya pa mawebusaiti oposa 200,000, omwe akadalola mlendo kuikapo mapulogalamu ake. Nawonso adakonza. Kwa ine pamenepa m'pamene chithandizo chenicheni chimaonekera. Bowo lipezeka ndithu, pulogalamu ndi yopangidwa ndi anthu. Chofunika n'chakuti opangawo akonze mwachangu, anene poyera, ndipo uthengawo ufike kwa mwini webusaiti.

Kufika kwa uthengaku si nkhani yaing'ono. Mu December 2014 kachilombo kotchedwa SoakSoak kadagwira mawebusaiti oposa 100,000 kudzera m'bowo la plugin ya zithunzi ya Slider Revolution, ndipo Google idaika masauzande a iwo pa mndandanda wa oopsa. Bowolo linali litatsekedwa kale miyezi yambiri m'mbuyomo. Nanga bwanji anthu adagwidwabe? Ambiri adailandira plugin imeneyi itakulungidwa m'kati mwa chovala cha webusaiti chimene adagula, aja amati theme, ndiye sankadziwa kuti ali nayo, ndipo zokonzazo sizidawafike. Ganizirani tsono za webusaiti ya kuno kwathu, yomwe imelo yolandirira machenjezo ndi ya mwana wasukulu amene adamaliza maphunziro zaka zitatu zapitazo. Chenjezo lililonse likugwera m'bokosi lopanda mwini.

N'chifukwa chake ine ndimati chithandizo choyamba sichili ku America ayi, chili pa mgwirizano wa wamalonda ndi womanga. Inu amalonda, musalandire webusaiti ngati mphatso ya paukwati. Funsani mayina a ma plugin onse, awalembe papepala, atchulenso kuti olipira ndi ati ndipo ndalamazo zidzatha liti. Imelo ya mwini webusaiti ikhale yanu. Makiyi a komwe webusaitiyo imasungidwa akhale m'manja mwanu, pamodzi ndi a dzina lake, kaya ndi la .mw kaya la .com. Ngati mukufuna kuti mnyamatayo aziiyang'anira, gwirizanani ya pamwezi, musamayembekezere kuti ndalama imene mudampatsa tsiku lija ikhale ya moyo wake wonse. Pamenepa amalonda ambiri ndinu ouma manja, tisabisane. Mlonda wa pashopu mumamulipira mwezi ndi mwezi osawiringula, koma wa pa kompyuta mumati adikire Mulungu.

Inunso ophunzira, kufunsa kuli ndi luso lake. Safunsa adadya phula, koma wofunsa mosokoneza nayenso sathandizidwa. Kulemba kuti webusaiti yanga yafa, thandizeni msanga, n'kutaya tsiku, chifukwa yankho lidzangokhala mafunso ena. Tchulani plugin yake ndi nambala ya mtundu wake, jambulani uthenga umene ukuoneka, fotokozani chimene mudasintha vutolo lisanayambe. Dziwaninso khomo loyenera kugogoda. Mavuto ena ndi a kampani yosunga webusaiti, osati a wopanga plugin, ndipo awiriwa amakonda kulozana chala inu muli pakati. Mukatsekeredwa panja musathamangire kufufuta zonse. Wordfence imatha kutumiza ulalo wotsegulira ku imelo ya mwini wake, ndipo zikakanika mungathe kulowera komwe kumasungidwa mafayelo, kupeza foda ya wp-content, m'kati mwake ya plugins, n'kusintha dzina la foda ya plugin yovutayo. WordPress ikaisowa imaizimitsa yokha, inu n'kulowa.

Za lamulo ndingokhudzapo pang'ono. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kuthyola makompyuta a eni ndi kumwaza spam, komanso la mu 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Lachiwirili likukhudza inu amene mumasunga mayina ndi manambala a makasitomala. Koma makina amene akugogoda pa webusaiti yanu ali kutsidya kwa nyanja, wapolisi wa ku Limbe sangawamange unyolo.

Chomaliza n'chakuti mbava nazo zidaphunzira kuvala yunifolomu ya othandiza. Mu December 2023 eni mawebusaiti ambiri adalandira imelo yooneka ngati yochokera ku gulu la chitetezo la WordPress, yonena kuti papezeka bowo loopsa, yokhala ndi nambala yake yomwe, ndi ulalo wokatengera plugin yokonzera. Tsamba lakelo linali lofanana ndendende ndi la WordPress. Bowolo kunalibe, nambalayo inali yopeka, ndipo amene adaika plugin imeneyo adadzitsegulira okha chitseko, poti inkapanga mwini webusaiti wachiwiri wobisika. Zokonza zenizeni zimaonekera m'kati mwa WordPress momwemo mukalowa, pa tsamba la Updates. Munthu akakuimbirani foni kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti ndi wa kampani ya plugin ndipo akufuna pasiwedi yanu kuti akuthandizeni, dulani foniyo, kenako mukasinthe pasiwediyo ngati mudayamba kale kumutchulira.