Chess: Nkhondo ya Mtima Yomenyedwa Mwakachetechete

Pa Ngabu, Okutobala akafika, dzuwa limawotcha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo masana amuna ambiri amathawira m'makonde a magolosale ndi pansi pa mitengo. Pamenepo sipasowa bawo kapena drafuti wa zitsekerero za mabotolo. Wodutsa amayamba kumva phokoso asanaone bolodi: uyu akumenyetsa chitsekerero mwamphamvu, uyo akuseka mnzake kuti manja ayamba kunjenjemera, oonerera akulangiza mbali zonse ziwiri popanda wowafunsa. Aliyense amadziwa kuti mnzako ukamusokoneza mutu, amadzipereka yekha.

Pa mpikisano wa chess wa dziko lonse zimenezi n'zoletsedwa. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, salola kuputa kapena kusokoneza mnzako, ndipo m'chipinda chosewereramo mumakhala zii. Koma kuopsezana kuja sikutha ayi. Kumangolowa m'kaseweredwe, m'wotchi, ndi m'zochitika za kumbali.

Mikhail Tal wa ku Riga ankaopseza ndi kaseweredwe kake kenikeniko. Ankapereka dala kavalo kuti adyedwe, pofuna kutsegula njira yopita kwa mfumu ya mnzake. Akatswiri akakhala pansi pambuyo pake, ankapeza kuti zina mwa nsembe zimenezi zinali ndi yankho. Vuto linali kulipeza yankholo pompo, wotchi ikuthamanga, Tal akukuyang'anitsitsa. Mu 1960, ali ndi zaka 23, analanda ukatswiri kwa Mikhail Botvinnik. Koma Botvinnik anali injiniya wa zamagetsi, munthu wokonzekera chilichonse, moti poyeserera ankauza mnzake Viacheslav Ragozin kuti azimupemerera utsi wa fodya kuti azolowere zosokoneza. Anaunika masewero a Tal, n'kumukokera m'magemu ouma opanda mpata wa zodabwitsa, ndipo mu 1961 anatenganso mpando wake.

Ena amapha mosathamanga. Tigran Petrosian, yemwe anakhala katswiri mu 1963, ankatseka njira mnzake asanaganize n'komwe zodutsapo. Anatoly Karpov naye anthu ankamufanizira ndi nsato: amakukulunga pang'onopang'ono, sukuona poopsa penipeni, mpaka ungozindikira kuti kulikonse kumene ungasunthe n'koipa.

Karpov yemweyu ndiye anali pakati pa mpikisano umene unali ndi zisudzo kuposa yonse, wa mu 1978 ku Baguio m'dziko la Philippines. Anakumana ndi Viktor Korchnoi, yemwe anali atathawa m'dziko la Soviet Union zaka ziwiri m'mbuyomo, choncho udani unalipo kale gemu isanayambe. Karpov atapatsidwa yogati masewero ali mkati, a mbali ya Korchnoi anadandaula kuti mwina chakudyacho chinali chizindikiro chomuuza chochita. Mbali ya Karpov nayo inabwera ndi Vladimir Zukhar, katswiri wa zamaganizo, amene ankakhala pamipando ya kutsogolo n'kumangomuyang'anitsitsa Korchnoi kwa maola. Korchnoi ankavala magalasi onyezimira ngati kalilole. Owerenga ena anena kuti apa panali mankhwala, koma chimene chinkagwira ntchito n'chakuti munthu wokayikira mnzake amataya nthawi ndi mphamvu pa zinthu za kunja kwa bolodi. Wopambana ankayenera kuwina magemu 6. Karpov anatsogola 5 kwa 2, kenako anafooka, Korchnoi n'kubweza mpaka 5 kwa 5. Karpov anadzapulumuka pa gemu ya 32.

Mpikisano wa ku Moscow wa mu 1984 unafika potopetsa aliyense. Karpov anatsogola 5 kwa 0 pamaso pa Garry Kasparov, koma gemu yomalizitsa inamukanika. Pofika Febuluwale 1985 anali atasewera magemu 48, mwa iwo 40 olepherana, Kasparov atawina atatu, ndipo mtsogoleri wa FIDE, Florencio Campomanes, anauimitsa popanda wopambana. Chaka chomwecho Kasparov anawina mpikisano watsopano ali ndi zaka 22.

Masiku ano katswiri aliyense amakonzekera ndi kompyuta yamphamvu kuposa munthu aliyense, ndipo masunthidwe oyambirira onse amabwera atawaloweza. Chotsala n'kupirira. Magnus Carlsen wa ku Norway anamanga mbiri yake pa kukana kugwirana chanza pamene ena akuona kuti gemu yatha molepherana. Amangopitiriza, kufunsa timafunso ting'onoting'ono, kudikira kuti mnzake atope. Ku Dubai mu 2021, magemu asanu oyamba ndi Ian Nepomniachtchi wa ku Russia anatha mofanana mphamvu. Yachisanu n'chimodzi inatenga masunthidwe 136 ndi pafupifupi maola 8, yaitali kuposa ina iliyonse m'mbiri ya mpikisanowu, ndipo Carlsen anawina usiku utapita kale. Nepomniachtchi, wodziwika ndi kusewera mwaliwiro, sanadzukenso. Analuza gemu ya 8, ya 9 ndi ya 11 ndi zolakwitsa zimene munthu wa msinkhu wake sachita. Pa gemu ya 9 anasiya chosewerera chake chotchedwa bishop kuti chitsekeredwe popanda pothawira. Luso lake silinathe m'sabata imodzi. Chimene chinasweka ndi mtima.

Zoterezi zinaonekanso poyera ku Singapore pa 12 Disembala 2024. Ding Liren wa ku China, yemwe anawina ukatswiri mu 2023 ku Astana, anali atanena yekha kuti wakhala akuvutika maganizo ndi kusowa tulo. Anafika pa gemu yomaliza, ya 14, akufanana mapointi ndi Gukesh Dommaraju wa ku India. Pabolodi panali patatsala zochepa, ndipo odziwa ankati ithera kulepherana. Pa kusuntha kwa 55, Ding anaika rook wake poti asinthanitse ndi wa mnzake, osaona kuti bishop wake, amene anali pakona, nayenso sakanatha kuzemba kusinthanitsidwa. Zonse zikachoka, Gukesh ankatsala ndi pawn mmodzi woposa, wokwanira kuwina. Ding anazindikira atachotsa kale dzanja, n'kugwira mutu. Posakhalitsa anagonja. Gukesh, wa zaka 18, anagwetsa misozi akubwezeretsa zosewerera m'malo mwake, atakhala katswiri wamng'ono kwambiri wa dziko lonse. M'gulu lomuthandiza munali Paddy Upton wa ku South Africa, yemwe ntchito yake sinali kumuphunzitsa chess koma kumukonza maganizo, monga anachitira ndi timu ya kriketi ya India imene inawina chikho cha dziko lonse mu 2011.

Kuno kwathu masewerowa si achilendo. Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anthu anamutcha Zambezi Shark, anakhala grandmaster woyamba wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Malawi kuli bungwe la Chessam loyendetsa mipikisano, ndipo Susan Namangale, kudzera ku Dadaz Chess Academy, wafikitsa chess m'sukulu ngakhale m'ndende.

Aphunzitsi a m'sukulu za ku Chikwawa ndi Nsanje amene ali ndi bolodi asamangophunzitsa mayendedwe a kavalo. Ana azisewera ndi wotchi, ngakhale ya pafoni, ndipo mwana akaluza gemu m'mawa, amukhazikenso pabolodi masana omwewo.