Funsani mtengo wonse wa endoscopy musanakwere minibasi

Kuno ku Mangochi dokotala akanena kuti mukufunika endoscopy, dziwani kuti ulendo wayambika. Uku n'kuunika kolowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera pakamwa, kutsika kummero mpaka m'mimba. Ife a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ikutikhudza kwambiri: likodzo la m'matumbo likakhalitsa limaumitsa chiwindi, mitsempha ya kummero n'kutupa mpaka munthu kusanza magazi. Komanso Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yofala kwambiri.

Njira ya boma ndi kutenga kalata pachipatala chathu chachikulu, kupita nayo ku chipatala chachikulu cha boma ngati Queen Elizabeth ku Blantyre. N'zaulere, koma mudikira tsiku lanu. Amene sangathe kudikira amapita kolipira.

Nditafunsira azakhali anga mitengo m'zipatala zolipira zingapo, ndinaona kuti ziwerengero za pafoni sizifananizika. Kwina amatchula mtengo wa kuunika kokha. Kwina amaphatikiza kuonana ndi dokotala ndi jekeseni yogonetsa, pomwe ena amangopopera mankhwala ochititsa dzanzi kummero. Chomwe ambiri sitifunsa ndi kanyama komwe dokotala amatsina akaona chilonda chokayikitsa. Kanyamako kamapita ku labotale, nthawi zambiri pa bilu yakeyake, ndipo popanda iko palibe angatsimikize ngati ndi khansa. Kwa ine, mtengo wotsika wosiya zimenezi ndi wodula, chifukwa udzakupezani muli kale pabedi, m'thumba mwatsala ya thiransipoti.

Musadalirenso zomwe analipira mnansi wanu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zipangizo zambiri za m'chipatala zimachokera kunja. Pemphani mtengo wolembedwa, wa tsiku lomwelo, ngakhale pa WhatsApp.

Kenako werengerani msewu. Blantyre ali pa makilomita pafupifupi 190. Wodwala amafunika kukhala maola 6 kapena kuposa osadya, ndipo akagonetsedwa sabwerera yekha, ndiye thiransipoti ndi ya awiri, mwina ndi pogona pomwe. Funsaninso ngati zotsatira za ku labotale angakutumizireni, kuti mupewe ulendo wachiwiri.

Zonsezi n'za munthu amene ali ndi mpata. Amene akusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kapena nsima yayamba kumukakamira pakhosi, apite kuchipatala chapafupi lero lomwe.