Khwangwala wa yoga ndi mikono ya Mose

Masiku ano foni za m'manja zatibweretsera zinthu zimene makolo athu sadazione. Mnyamata wa ku Chitipa, kaya ali pa boma, kwa Kameme, ku Nthalire kapena ku Misuku, akhoza kuonera pa Facebook munthu ataimira zikhatho zokha, mapazi ali m'malere. Mawa lake mwanayo akuyesera pabwalo. Akafunsidwa chimene akuchita, amayankha kuti ndi yoga, ndipo apa mitima ya makolo opemphera imayamba kugunda. Kodi ndi masewero olimbitsa thupi chabe, kapena mwana walowa chipembedzo china tili chipenyere?

Funsoli n'loyenera, ndipo tisanaliyankhe tiyambe tachidziwa chinthucho.

Yoga idachokera ku India. Dzinali ndi la chilankhulo chakale cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limanena za kulumikiza zinthu ziwiri monga momwe goli limalumikizira ng'ombe pangolo. Mu December 2014 bungwe la United Nations lidakhazikitsa 21 June kukhala tsiku lokumbukira yoga pa dziko lonse, ndipo tsikuli lidayamba kukumbukiridwa mu 2015. Mwa kaimidwe kambirimbiri ka yoga, kamene achinyamata amakonda kuyesa ndi kotchedwa Bakasana, kuchokera ku dzina la mbalame ya miyendo yaitali yonga kakowa. Palinso kena kofanana nako kotchedwa Kakasana, kutanthauza kaimidwe ka khwangwala. Mphunzitsi wotchuka wa ku India, B.K.S. Iyengar, adafotokoza Bakasana m'buku lake lotchedwa Light on Yoga la mu 1966, limene lidathandiza kufalitsa yoga kumaiko a azungu.

Kachitidwe kake n'kotere. Munthu amanyonyomala, n'kuika zikhatho pansi atatambasula zala. Kenaka amatsamiritsa mawondo kumbuyo kwa mikono, chakumtunda kwa zigongono. Akatero amapendekera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mapazi atanyamuka okha. Ambiri amaganiza kuti chinsinsi chake ndi mphamvu za mikono, koma aphunzitsi ake amati chachikulu ndi malo amene kulemera kwa thupi kwakhala. Kulemerako kukafika pamwamba penipeni pa zikhatho, mapazi amapepuka. Kukatsalira m'mbuyo, ngakhale mnyamata wadzitho amalephera.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu. Amayi a ku Misuku, amene amatsika mapiri otsetsereka atasenza mkoko wa nthochi kapena dengu la khofi, adaidziwa kalekale popanda kupita ku India. Amapinda nkhata bwinobwino, n'kuika katundu pakati penipeni pa mutu, msana uli chilili. Katundu akakhala pamalo pake, mayi amayenda osamugwira n'komwe. Akapendama pang'ono, ndowa yosadzaza yomwe imathyola khosi. Phunziro loyamba ndi limenelo: zimene zimatigwetsa m'moyo nthawi zambiri ndi mitolo imene taiika pamalo olakwika. Banja limene laika ndalama, ulemu wa pamudzi kapena mantha pakati pa moyo wake limadzandira ngakhale pa vuto laling'ono. Yesu, pa Mateyu 11, adaitana olema ndi othodwa kuti asenze goli lake. Sadawalonjeze moyo wopanda katundu, koma katundu woti munthu angathe kuyenda naye.

Phunziro lachiwiri ndi la maso. Wophunzira kaimidwe ka khwangwala amauzidwa kuti ayang'ane patsogolo pang'ono pa zala zake. Akaweramitsa mutu kuti aone mapazi ngati anyamuka, mutuwo umakoka thupi lonse ndipo amagwa chamutu. Mayi wosenza mtsuko nayenso sacheuka chisawawa. Tikumbukire Petro pa Mateyu 14. Adatsika m'ngalawa n'kuyenda pamadzi, koma ataika maso pa mphepo adachita mantha n'kuyamba kumira. Namondwe adalipo kale pamene ankatsika, chimene chidasintha ndi kumene Petro ankayang'ana. Ifenso mtengo wa feteleza ukakwera, mwana akadwala, kapena mvula ikadula msanga, kumene taika maso ndi kumene kumatikoka.

Phunziro lachitatu ndi la kudekha. Ambiri satha kuimira manja tsiku loyamba. Munthu amanyamula phazi limodzi, n'kulibweza, mawa n'kuyesanso, mwina kwa masabata kapena miyezi. Chimene chimamuchedwetsa kwambiri ndi mantha ogwetsa nkhope pansi, pomwe kuti zitheke ayenera kupendekera komwe akuopako. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukhululukira m'bale amene tidakangana naye za malire a munda, kusiya mowa, kapena kuzolowera kupemphera pamodzi pabanja, zonsezi zimayenda chimodzimodzi. Timayesa, timagwa, timadzukanso.

Komabe tisabise kuti nkhawa ya makolo ili ndi maziko. Kumene yoga idachokera, kaimidwe ka thupi ndi gawo limodzi la njira yauzimu ya Ahindu ndi zipembedzo zina za ku India, ndipo cholinga chake ndi kumasula munthu wamkati kudzera m'kudziletsa ndi kusinkhasinkha. Aphunzitsi ena lero amaphunzitsa zolimbitsa thupi zokha, pomwe ena amawonjezera mawu obwerezabwereza opembedzera. Akhristu sagwirizana chimodzi pa nkhaniyi. Alipo amene amaikaniratu yoga yonse, alipo amene amatengapo masewero okha. Mu 1989 likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican lidatulutsa kalata yonena za kusinkhasinkha kwachikhristu, yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger amene pambuyo pake adakhala Papa Benedict XVI. Kalatayo idavomera kuti kakhalidwe ka thupi kangathandize munthu popemphera, koma idachenjeza kuti kamtendere kamene thupi limamva pa masewero otere tisamakasokoneze ndi chitonthozo cha Mzimu Woyera. Paulo naye, polembera Timoteo, adavomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, koma adaika kupembedza Mulungu pamwamba.

Choncho mwana akayamba izi pakhomo, tisathamangire ndodo kapena kumutchula wausatana. Tikhale naye pansi, tionere limodzi zimene akuonera. Timufunse amene akumuphunzitsa, ngati pali mawu amene akuuzidwa kuti azitchula, ndi tanthauzo lake. Ngati pali kupembedza, timuuze momveka chifukwa chake banja lathu silingatsate. Ngati chikumbumtima cha banja chikukana zonse, timulongosolere mwachikondi, ndipo tisaweruze banja lina limene laona mosiyana, monga Aroma 14 amatilangizira. Tisamalenso thupi lake. Ayesere pa udzu kapena pamphasa, mtsamiro uli kutsogolo kwa nkhope. Wopweteka m'mfundo za dzanja ndi mayi woyembekezera asayese.

Pali phunziro lina limene khwangwala wa yoga sangatipatse. Woimira manja amaima yekha, ndipo ngakhale katswiri amatsika pakapita kanthawi kochepa, chifukwa mikono ya munthu imatopa. Pa Eksodo 17 timamva za nkhondo ya Aisraeli ndi Aamaleki ku Refidimu. Mose akakweza manja, Yoswa ndi ankhondo ake ankapambana, akawatsitsa ankagonja. Mose sadauzidwe kuti alimbe mtima n'kupirira yekha. Aroni ndi Huri adamuikira mwala woti akhalepo, n'kumugwirira manja, wina mbali iyi wina mbali inayo, mpaka dzuwa kulowa. Munthu amene adaima pamaso pa Farao adafunika anzake awiri ndi mwala.

Amayi a pa chitsime amazidziwa izi. Ndowa ikadzaza, mayi amaitana mnzake kuti amusenzetse, ndipo akafika pakhomo wina amamutula. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake Paulo pa Agalatiya 6 adanena zinthu ziwiri pamodzi, kuti aliyense asenze katundu wake, komanso kuti tizinyamulirana zothodwetsa.

M'mipingo mwathu muli anthu amene mikono yawo yalema: mayi wamasiye wolera adzukulu, bambo amene wasamalira wodwala kwa zaka, mbusa woyenda mtunda wautali pakati pa mapiri kukafikira nkhosa zake. Ambiri sanena, amangomwetulira pakhomo la tchalitchi. Sabata ino tiyeni tipeze mmodzi, timufikire kunyumba, timufunse mbali imene tingamugwirire.

Ambuye atipatse maso okhazikika pa Iye, ndi mtima wofulumira kugwira mkono wa mnzathu.