Galimoto yaing'ono yosadya mafuta: zomwe mlimi ayenera kuona asanapereke ndalama

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, mabanja amene apeza bwino pa kachewere, soya, nyemba kapena fodya amayamba kuganiza zosiya mota ndi kugula galimoto. Ambiri amakopeka ndi magalimoto aang'ono ochokera ku Japan monga Toyota Vitz, Passo, Nissan March, Honda Fit ndi Daihatsu Mira. Chifukwa chake n'chomveka. Mtengo wake ndi wotsikirapo, sadya mafuta ambiri, ndipo chiwongolero chake chili kumanja, zomwe zimagwirizana ndi Mozambique, Malawi ndi Zambia komwe magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu.

Koma magalimoto amenewa anawapangira misewu ya tala ya m'mizinda. Amapulumutsa ndalama pokhapokha akamagwira ntchito imene anapangidwira. Akapatsidwa ntchito ya lole kapena ya thirakitala, ndalama zimene mwini wake anapulumutsa pa mafuta zimakathera kwa makaniko, ndipo phindu la chaka chonse likhoza kuima pa miyala kuseri kwa nyumba.

Msewu wofika pakhomo

Wogula ayenera kuyamba waganizira msewu umene galimotoyo izidzayenda tsiku ndi tsiku. Msewu wa N7 wochokera mumzinda wa Tete kupita ku Zóbue, ndi wa N304 wochokera ku Mussacama kudutsa ku Ulongué mpaka ku Calómue, ndi ya tala. Galimoto yaing'ono imayendamo bwino ngati woyendetsa akupewa maenje. Vuto limayambira pamene tala wathera.

Vitz ndi inzake ya msinkhu umenewo ndi yotsika: kuchokera pansi kufika pa mimba ya galimoto pali masentimita pafupifupi 14 kapena 15, ndipo anthu akakwera imatsikanso. Pa msewu wa fumbi umene ngolo ndi malole akumba mikwasa iwiri n'kusiya chitunda pakati, mimbayo imakhula pansi. Zoyamba kuonongeka ndi paipi ya utsi ndi chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, chimene amakaniko amati cárter. Chikabooka oyilo n'kutayika woyendetsa osadziwa, injini imapsa pa mphindi zochepa.

Choncho banja lokhala pa Ulongué kapena pa Zóbue, limene ulendo wake ndi wa kusukulu, kuchipatala ndi kumsika, galimoto yaing'ono ilikwanira. Banja la kumudzi kumene msewu umasanduka matope kuyambira Disembala mpaka Malichi liyenera kuwerengera kuti miyezi imeneyo galimotoyo izidzagona pakhomo, kapena lifunefune ina yokwererapo.

Katundu amene izidzanyamula

Galimoto ngati Vitz inapangidwira anthu asanu ndi zikwama zochepa. Mira ndi Suzuki Alto za ku Japan, zomwe injini yake ndi ya 660cc, ndi za anthu anayi okha. Kuikamo anthu asanu, matumba awiri a feteleza kumbuyo ndi lina padenga ndiko kupha masipuling'i, ma amortecedor ndi matayala. Mabuleki nawonso sagwira msanga galimoto ikalemedwa, ndipo pa mitsetse ya ku Zóbue zimenezi zimaika moyo pa chiswe.

Amene akufuna galimoto yothandizanso pa malonda ayang'ane Toyota Probox, yomwe inayamba kupangidwa mu 2002 ngati galimoto ya ntchito. Ikakhala ndi anthu awiri kutsogolo, ya mtundu wonyamula katundu imaloledwa makilogalamu 400, ndiwo matumba 8 a makilogalamu 50. Matumba a kachewere osokerera pamwamba amalemera kuposa pamenepa, choncho owerengera asamawerenge matumba, aziwerenga kulemera kwake. Kwa banja lalikulu, Toyota Sienta ili ndi mipando 7, koma mipando yonse ikakhala ndi anthu malo a katundu amatsala ochepa kwambiri.

Kukula kwa injini ndi mafuta

Anthu ambiri amakhulupirira kuti injini ikachepa, mafuta achepanso. Mumzinda pa malo athyathyathya zimenezi n'zoona. Koma mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, pomwe Ulongué ili pamwamba pa mamita opitirira 1,000. Injini ya 660cc kapena ya 1.0 ikamakwera mapiri amenewa itadzaza anthu imalira kwambiri, woyendetsa amaponda mafuta mpaka pansi, ndipo kusiyana kwake ndi injini ya 1.3 kumachepa. Kwa munthu woyenda maulendo ataliatali, injini ya 1.3 kapena 1.5 ndiyo imapirira.

Phindu la galimoto yaing'ono limaoneka bwino poiyerekeza ndi yaikulu. Kuchoka ku Ulongué kupita ku Tete ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 450. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi imafuna malita 30, pomwe yoyenda makilomita 9 pa lita imafuna malita 50. Kusiyana kwake ndi malita 20 pa ulendo umodzi, ndipo woyenda kawiri pa mwezi amapulumutsa malita 480 pa chaka. Mitengo ya mafuta imalengezedwa ndi bungwe la ARENE, ndipo madera akutali ndi madoko amalipiranso ndalama zonyamulira mafutawo, choncho lita iliyonse yopulumutsidwa ku Angónia ndi ndalama yooneka.

Mafuta ogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu ndi oopsa pa injini zamakono. Akakhala ndi fumbi kapena madzi amatseka sefa ndi kuononga pampu ya mafuta. Mota ikhoza kupirira, koma galimoto yoyendetsedwa ndi kompyuta imafuna mafuta oyera a pa bomba.

Giya ndi mabatire

Pafupifupi magalimoto onse aang'ono ochokera ku Japan ndi osintha okha magiya, ndipo ambiri a zaka zaposachedwa ali ndi giya bokosi ya mtundu wa CVT. Imeneyi imathandiza kusunga mafuta, koma imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa giya bokosi wamba kumaiononga. Siikondanso kukoka ngolo kapena kulimbana ndi matope matayala akuzungulira pamalo amodzi. Wogula afunse mtundu wa giya bokosi ndi tsiku limene oyilo wake anasinthidwa komaliza.

Palinso magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Aqua yomwe inatuluka mu 2011. Mumzinda, momwe galimoto imaimaima, amasunga mafuta kwambiri. Koma batire lake lalikulu limakalamba, kulisintha n'kokwera mtengo, ndipo kuliyeza kumafuna makaniko wokhala ndi kompyuta. Munthu wokhala kutali ndi makaniko wotere aganize kawiri.

Sipeya ndi makaniko

Galimoto yotchipa imene sipeya yake imachita kuitanitsidwa ku Maputo kapena ku Johannesburg imadula kuposa yodulirapo imene sipeya yake ili pa shopu ya pafupi. Apa mpamene magalimoto a Toyota amapambanira m'dera la m'malire. Injini yotchedwa 1NZ, ya 1.5, imapezeka mu Probox, Sienta, Ractis, IST ndi Corolla zambiri, ndipo mng'ono wake 2NZ, wa 1.3, ali mu Vitz zoyambirira ndi Probox zina. Injini imodzi ikakhala m'magalimoto ambiri chotere, amakaniko amaidziwa ndipo sipeya yake imapezeka ku Tete, ngakhalenso tsidya la Malawi ku Dedza ndi ku Lilongwe.

Njira yosavuta ndi kupita kwa ogulitsa sipeya musanagwirizane za galimoto, kukafunsa mtengo wa zinthu zimene zimatha kawirikawiri: mabuleki, sefa, ma amortecedor ndi tayala limodzi. Wogulitsa akayamba kuimba foni kufunsa kwina, chimenecho ndi chizindikiro.

Mapepala

Galimoto yolembetsedwa mu Mozambique imakhala ndi livrete ndi título de propriedade. Nambala ya chassis yolembedwa mu livrete iyenera kufanana ndi imene ili pa galimotoyo, chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la pa título likhale la munthu amene akugulitsa. Ngati wogulitsa ndi wapakati, mwini wake aonekere ndi kusaina. Ndalama zonse zisaperekedwe ntchito yosintha dzina isanayambike, chifukwa galimoto yotsalira m'dzina la wina ndi ya winayo pamaso pa lamulo.

Anthu a m'malire amakumana ndi chiyeso china: galimoto yotchipa yokhala ndi nambala ya Malawi, Zambia kapena South Africa. Galimoto yotere imalowa m'dziko ndi chilolezo cha kanthawi chabe. Kuti ikhale ya mu Mozambique iyenera kudutsa ku Alfândega, kulipira msonkho wolowetsa katundu, msonkho wa ICE umene umatsatira kukula kwa injini, ndi IVA, yomwe kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti. Ikapezeka ikuyenda popanda zimenezi ikhoza kulandidwa. Wofuna kuitanitsa yekha ku Japan kudzera pa doko la Beira kapena Nacala ayambe wafunsa despachante kuti amuwerengere misonkho yonse, pakuti mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe.

Chaka chilichonse pamafunikanso seguro, inspecção ndi msonkho wa galimoto umene anthu amati manifesto, womwe umalipidwa pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi imene alimi ambiri m'thumba mulibe kanthu. Lamulo la pamsewu limafunanso ma triângulo awiri ndi colete yowala m'galimoto.

Tsiku lokaona galimoto

Wogula apite masana, ndi makaniko amene wamusankha yekha. Injini iyatsidwe ili yozizira, chifukwa yotenthetsedwa kale imabisa matenda. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikudya oyilo. Zoyerayera ngati mkaka pansi pa chivundikiro cha oyilo zimasonyeza kuti madzi akulowa mu injini, ndipo galimoto yotere siingapirire kutentha kwa mzinda wa Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40. Makaniko alowe pansi aone dzimbiri ndi malo owotcherera.

Makilomita a pa wotchi sayenera kukhulupiriridwa okha, popeza amatha kubwezedwa m'mbuyo. Chiwongolero chosalala, mpando wophwa ndi zopondera zothetheka zimanena zoona kuposa wotchi. Matayala aonedwenso, chifukwa magalimoto ena amafika ndi matayala a m'chipale chofewa a ku Japan, omwe amatha msanga pa tala wotentha, ndipo ena amafika opanda tayala lapadera. Pomaliza galimotoyo iyendetsedwe pa mtunda wokwera ndi pa msewu wa fumbi, muli anthu.

Alimi amadziwa kale kuti wogula ng'ombe amasungako ndalama za mankhwala. Ndi galimoto n'chimodzimodzi. Oyilo, sefa, matayala ndi mapepala zimafunika m'mwezi woyamba womwe, ndipo ndalama za mbewu ndi feteleza za nyengo ikubwerayi zisalowe m'mtengo wa galimoto. Ngati zotsala sizikukwanira zonsezi, kudikira zokolola zina ndi mota imene ilipo n'kwanzeru kuposa kugula galimoto yoti idzalephera kutuluka pakhomo.